Khoma Lokonda Dzuwa

Panali mtsikana wina wokonda kufunsa. Onse ankangomuitana kuti Mafunso.

Mafunso anali ndi mlongo wake wamng'ono. Ankamutcha Phwiti. Phwiti ankatsokomola. Kho! Kho! Kho!

Nyumba yawo inali m'mbali mwa msewu. Malole ankadutsa. Mabasi ankadutsa. Utsi unkalowa pawindo.

Mafunso ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti Phwiti aleke kutsokomola. Lero lomwe, osati mawa!

Bambo ake anali wopenta nyumba. Tsiku lina m'mawa anatsegula chitini cha penti. Anapenta khoma loyang'ana kumsewu. Khoma linayera mbee, ngati mtambo.

"Ameneyu si penti wamba," anatero Bambo. "Amayeretsa mpweya."

"Ali ndi tsache?" anafunsa Mafunso.

"Alibe."

"Nanga sopo?"

"Alibenso. Ndikuuza ndikabwera, mama. Ndachedwa kuntchito."

Mafunso anakhala pansi. Anayang'ana khoma. Khoma linangoti zii. Anadikira. Anadikirabe. Khoma linangoti zii.

M'nyumba, Phwiti anati kho! Kho!

Masana dzuwa linaswa mtengo. Mafunso anakhudza khoma. Linali lotentha!

"Mayo ine! Khoma ladwala!"

Phwiti akatentha thupi, Amayi amamugoneka pamthunzi. Mafunso anathamanga. Anatenga nsalu za pabedi. Anatenga bulangete. Anakwera pampando. Anafunditsa khoma lonse.

Amayi anatuluka.

"Iwe, bulangete langa likutani pakhoma?"

"Khoma latentha thupi, Amayi."

Amayi anayang'ana khoma. Anayang'ana Mafunso. Nawonso mutu unaima.

Pomwepo Bambo anafika kudzadya. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Adokotala, mwaligonekatu khoma langa!"

"Ndalakwa, Ababa?"

Bambo ananjuta pafupi naye.

"Mu utsi wa magalimoto muli mpweya woipa. Suoneka, koma umapweteka pachifuwa. Mu pentiyu muli ufa woyera. Dzuwa likawala, ufawo umadzuka. Umagwira mpweya woipa uja. Umausandutsa timchere tochepa."

"Nanga pamthunzi?"

"Pamthunzi ufawo umagona."

Mafunso anatong'ola maso. Khoma likatentha, ndiye kuti lili bwino? Likafunda bulangete, ndiye kuti lagona? Zinali zozunguza mutu. Komabe anakoka bulangete. Anakoka nsalu. Dzuwa linapsompsona khoma.

"Ndiye Phwiti achira lero?"

"Ayi, mama. Khoma limangothandizako. Nafenso tithandize."

Ananyamula kabedi ka Phwiti. Anakaika kuchipinda chakuseri, kutali ndi msewu. Amayi anamumwetsa mankhwala a kuchipatala.

Tsiku linapita. Kho! Kho! Kho!

Lina linapita. Kho! Kho!

Mafunso anatopa ndi kudikira.

Kenako kunagwa mvula. Mafunso anatola ambulera. Anathamangira pakhomo. Kenako anaima. Aliphimbe khoma? Asaliphimbe?

"Ababa, mvula ndi mnzake wa khoma kapena mdani?"

"Ndi mnzake. Ikutsuka timchere tija."

Mafunso anapinda ambulera. Anasiya khoma lisambe.

Tsiku lina m'mawa, Mafunso anadzuka. Anatchera khutu. Anamva malole. Anamva mabasi. Koma kho! sanamumve.

Anatuluka panja. Amayi anali atanyamula Phwiti. Phwiti ankamenya khoma ndi kadzanja kake. Pha! Pha! Ankaseka.

Bambo anaima pafupi. Ananyadira penti wawo. Chithunzithunzi chawo chinagwera pakhoma.

Mafunso anawakoka malaya.

"Ababa, tasunthani! Mukuligonekatu!"

Bambo anadumphira kumbali. Amayi anaseka. Phwiti anaseka. Ndipo dzuwa linadzaza khoma lonse.