Msonkho wa Bambo Anga

Ku Chinyonga kunali nyumba ya malata obiriwira imene makolo ankailoza akamalangiza ana awo. Eni ake anali a Jailos Tchale, ochokera ku Nsanje, mkulu wa mpingo, amene ankagulitsa zipangizo za njinga zamoto m'kashopu kawo ku Limbe. M'nyumbamo munalibe chuma, koma munali mtendere. M'mawa uliwonse a Jailos, akazi awo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Hilda, ankagwirana manja pakhomo n'kupemphera, nsapato zili kale kumapazi.

Hilda anali mtsikana wa mutu wakuthwa. Atamaliza maphunziro anapeza ntchito m'tauni ya Blantyre, mu ofesi ya a Chandrakant, yolembera amalonda mapepala a kasitomu katundu wawo akamalowa m'dziko muno. Ankayimba kwaya, ankamvera makolo. Chilema chake chinali chimodzi: munthu akamulakwira ankasunga, ndipo chosungidwacho chinkakula.

Chaka china a Jailos anatenga zonse zimene anasunga kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu n'kuitanitsa katundu wambiri kunja, kuti kashopu kasanduke shopu. Katunduyo atafika pa boda, msonkho umene anawatchulira unali woti ngakhale atagulitsa nyumba sakanaukwanitsa. Anayenda miyezi itatu, ofesi iyi kukalowa ofesi iyo, chipewa chili m'manja. Mapeto ake katundu anagulitsidwa pa okishoni, pamtengo wozizira. Anagula anali anyamata a Olemekezeka a Bennet Mangwalala, phungu wa Nyumba ya Malamulo, mwini malole, mahotela ndi nyumba yaikulu yosungiramo katundu ku Limbe.

Tsiku limenelo, pobwerera kunyumba, a Jailos anagwa mu minibasi pa Chichiri. Anatsitsimuka kuchipatala mbali ya kumanzere itafa, pakamwa patapotoka.

Patangotha mwezi, pa desiki ya Hilda panafika fayilo yonenepa. Anali mapepala a makontena asanu ndi limodzi a a Mangwalala. Pamwamba panalembedwa kuti munali mabedi ndi mankhwala, mphatso ya chipatala cha kudera kwawo, choncho msonkho panalibe. Koma kunsi kunamatirira mndandanda weniweni wochokera kwa ogulitsa: mafiriji, ma TV, matailosi ndi mowa wa m'mabotolo odula.

Hilda anawerenga kawiri.

Madzulo anakagwada pambali pa bedi la bambo ake n'kuwafotokozera zonse.

“Ababa, inu anakuphani muli moyo chifukwa cha mabokosi a masipoko ndi matcheni. Uyu walowetsa makontena asanu ndi limodzi osapereka ngakhale tambala. Ndimulipiritsa. Ndikulumbira.”

A Jailos ankalankhula movutikira, liwu limodzilimodzi. “Munthuyo walakwa. Sindikumuikira kumbuyo. Msonkho umene wabawo ndi mankhwala amene ndinawasowa kuchipatala kuja. Tenga mapepalawo, uwauze abwana ako. Akakana, upite ndi abusa kwa ofufuza zakatangale.”

“Kumeneko n'kwa anzake okhaokha! Amadyera mbale imodzi.”

“Si onse. Dekha, mwananga. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukaponya mwala uswa mkhate, khoswe n'kuthawa.”

“Ndiye ndiswa mkhatewo,” anatero Hilda, n'kutuluka.

Mayi ake anamutsatira kukhonde. “Iwe, nkhope imeneyo sindikuidziwa. Kubwezera n'kwa Mulungu. Usatengere Mulungu ntchito.”

Hilda analowa kuchipinda kwake. A Chandrakant sanawauze, abusa sanawauze. Nkhaniyi anaiuza Melvin.

Melvin anali dalaivala wakale wa a Mangwalala, amene anachotsedwa ntchito chifukwa chopopa mafuta m'lole. Ankangozungulira m'maofesi a kasitomu kusaka maganyu. Anakumana Loweruka masana pa malo odyera ku Chichiri. Melvin anamvetsera mpaka kumapeto, akuseweretsa makiyi patebulo.

“Asisi, inu ndi ine tili ndi chilonda chimodzi,” anatero. “Bigiyo boma limamuopa. Ndiye msonkho wake titolere ife. Inu mungondiuza lole ikunyamuka liti, ikudutsa msewu uti. Zinazo n'zanga.”

“Kumeneko si kuba?”

Melvin anaseka. “Kubera wakuba? Amene uja akakadandaula kupolisi akanena kuti chasowa n'chiyani? Mabedi a chipatala? Asisi, mukungotenga za madala anu basi.”

Mawu amenewo anamukomera Hilda ngati madzi ozizira m'Okutobala. Lolemba anatumiza uthenga pafoni. Lachitatu mafiriji khumi ndi awiri anatsika m'lole isanafike ku Limbe. Kuti wina asadzamulondole, anazembetsa fayilo ija mu ofesi n'kuibisa pansi pa matiresi ake.

Ndi gawo lake anagula njinga ya olumala yonyezimira, n'kuikankha mpaka kuchipinda kwa bambo ake.

“Waitenga kuti?” anafunsa a Jailos.

“Ndi msonkho wa bambo anga. A Mangwalala ayamba kulipira.”

A Jailos anayang'ana njingayo, kenako mwana wawo. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope.

“Itulutse. Ine ndidzakwawa ndi mimba mpaka kuchimbudzi, koma pamenepo sindikhalapo. Iye anandilanda katundu. Iwe ukufuna kundilanda dzina.”

“Dzinalo lakudyetsani chiyani, Ababa? Mwakhulupirika zaka zonsezi, mphotho yake ndi bedi ili!”

“Hilda!” anakuwa mayi ake. “Bambo ako amenewo!”

Hilda anamenyetsa chitseko. Kuyambira pamenepo pemphero la pakhomo linatsala la anthu awiri. Kwaya anasiya. Ankati akatseka maso kuti apemphere, ankangoona nkhope yonenepa ya a Mangwalala.

Malole ena awiri anapepukidwa m'njira. Koma Hilda sanapeze chimene ankafuna. Iye ankafuna kumva kuti munthu uja akulira, ndipo munthu uja sanali kulira. Anangochotsa ntchito madalaivala awiri osalakwa n'kugula galimoto ina yatsopano.

Tsiku lina akuchokera kuntchito, minibasi itaima pamzere wa magalimoto mumsewu wa Masauko Chipembere, wailesi inatulutsa mawu amene ankawadziwa. Anali a Mangwalala pamsonkhano.

“Abale anga, dziko silitukuka ndi anthu ozemba msonkho! Wamalonda aliyense, ngakhale wa tomato, apereke gawo lake. Ozemba msonkho ndi adani a chitukuko!”

Anthu mu minibasi anaseka. Mayi wina anatsonya. Kondakitala anati, “Awa nde madolo, amatimeta opanda madzi.” Hilda yekha sanaseke. Anatsika asanafike pa siteji yake n'kuimbira Melvin.

“Mafiriji sakumupweteka. Ndikufuna nyumba yonse ya ku Limbe ija isanduke phulusa.”

Melvin anatsitsa mawu. “Asisi, zimenezo n'zina.”

“Ukuopa? Mesa unkati tili ndi chilonda chimodzi?”

“Chabwino. Lamulungu masana. Mashopu amakhala otseka, ndipo mlonda wake, mdala Wahab, amapita kukadya kumsika ikakwana thwelofu. Ine ndiyamba ndatulutsa ma TV angapo, kenako muchite zanuzo.”

Lamulungu m'mawa mayi ake anamupeza akumanga nsapato zothamangira.

“Kutchalitchi supitanso lero?”

“Ndili ndi ntchito.”

“Ntchito yanji tsiku la Ambuye? Mwananga, ndinakubereka ndine. Chimene wanyamula mumtimamo chikudya iwe, osati iye. Tiye tikachitule.”

“Ndikatula ndekha,” anatero Hilda. Anapisa fayilo ija m'chikwama, chifukwa anaganiza kuti ikapsera komweko palibe adzadziwe kuti inali m'manja mwake.

Ku Limbe dzuwa linali paliwombo, misewu ya kuseri ili zii. Pageti panalibe munthu. Melvin anathyola loko wa chitseko chakumbali, napakira ma TV m'kagalimoto kobwereka, kenako anawaza petulo pamakatoni. Hilda anaima pakati pa milu ya katundu yofika kudenga. Pakona anaona mabokosi amene ankawadziwa, olembedwa dzina la bambo ake ndi inki yakuda, ena osatsegula n'komwe. Munthu uja sanawafune n'kuwafuna. Anangowagula chifukwa anali otchipa.

Chifundo chonse chimene chinatsala mwa iye chinauma pomwepo. Anatulutsa mapepala aja, anawapinda ngati muuni, n'kuyatsa machesi.

“Lipirani, Olemekezeka,” anatero, n'kuponya.

Moto unalilima ngati lole. Anathawira mbali zosiyana. Hilda anakaima kutsidya kwa msewu pakati pa anthu amene anayamba kusonkhana, akuonerera utsi wakuda ukukwera pamwamba pa Limbe, mabotolo akuphulika m'kati. Mtima wake unkavina. Kwa nthawi yoyamba chigwereni bambo ake, anamwetulira.

Kenako anamva kugogoda. Wina ankamenya chitseko chachitsulo chakumbuyo, m'kati.

“Muli munthu! Muli munthu umo!” anthu anakuwa.

Tsiku limenelo a Wahab sanapite kumsika. Mwendo unkawapweteka, ndiye anatenga kampunga kawo kunyumba, nalowa m'kachipinda kakumbuyo kuti aswali kaye asanadye. Anyamata anathamanga ndi zitsulo kukanyula chitseko. Pamene chinkatseguka, kugogoda kunali kutasiya kale.

A Wahab anawatulutsa atafa.

Lolemba anapita kuntchito ngati mtembo woyenda. Anapeza a Chandrakant atagwira mutu, madirowa onse ali pululu.

“Hilda, fayilo ya a Mangwalala ili kuti? Ine ndinaona chinyengo chija kalekale. Ndinakanena mwakachetechete kwa ofufuza, ndipo ndakhala nawo milungu itatu. Lero lino amabwera ndi chikalata cha khoti kudzatsegula nyumba ija ndi kutenga fayiloyo. Tsopano katundu wapsa. Tikapeza mapepala aja tikhoza kumugwirabe. Uli nawo?”

Hilda anakumbukira muuni wa mapepala uja umene anauponya dzulo lake.

Melvin anagwidwa Lachiwiri akugulitsa TV ku Ndirande. Asanamenyedwe n'kofi limodzi lomwe, anatchula dzina la Hilda n'kuonetsa mauthenga onse a pafoni. Apolisi anafika ku Chinyonga dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. A Jailos anamva kulira kwa unyolo ali pabedi, osatha kudzuka.

Nanga a Mangwalala? Popanda katundu ndi mapepala, mlandu wawo unafera m'mazira. A inshuwalansi anawalipira. Anaonekera pa TV atanyamula thumba la ufa kunyumba ya malemu Wahab, akupukuta m'maso ndi kampango, akunena kuti adani a ndale afuna kuwapha chifukwa chokonda amphawi. Anthu ambiri anawamvera chisoni.

Kukhoti Hilda sanakane mlandu. Woweruza anamupatsa zaka khumi ndi zinayi. Akumutulutsa, mayi wina wochepa thupi, wofunda mpango woyera, anaima kutsogolo kwake. Anali a Aminatu, mkazi wa a Wahab.

“Ndimafuna ndikuone nkhope,” anatero mayiwo mosakweza mawu. “Akuti unkabwezera bambo ako. Amuna anga ankalandira ndalama yosakwana thumba la chimanga, ndipo pa kandalama komweko ankagula shuga ndi sopo zamsonkho ngati wina aliyense. Bwana uja ankatibera tonse, iwe ndi ife. Ndiye iwe unasankha kuwotcha ndani? Ndili ndi ana anayi. Nawonso ndiwauze kuti akabwezere?”

Hilda anagwa pansi ndi unyolo wake. “Ndikhululukireni, mayi. Ndikhululukireni!”

“Ine sindinafikepo pamenepo,” anatero a Aminatu. “Kapemphe kwa Mulungu. Mwina Iye afulumira kuposa ine.”

Patapita miyezi iwiri, a Jailos anafika kundende ya Chichiri atatsamira ndodo mbali ina, akazi awo mbali ina. Kuchokera pa siteji kufika pageti anatenga pafupifupi ola. Hilda atawaona anabisa nkhope.

“Ababa, mwabwereranji? Ndinakunyozani. Ndinapha munthu.”

“Unapha,” anatero a Jailos. “Ndipo ukadali mwana wanga. Gwada.”

Anagwada pasimenti, nalira kulira kumene sanalirepo chibadwire, naulula zonse pamaso pa Mulungu ndi makolo ake, osabisa kanthu, osatchulanso dzina la a Mangwalala ngati chifukwa. Ali komweko mpaka lero. Amaphunzitsa akaidi anzake kuwerenga, ndipo akadzatuluka unyamata udzakhala utapita.

Inu achinyamata amene mukuwerenga, imvani bwino. Wolemera wozemba msonkho ndi mbala, ngakhale atavala suti ndi kutchedwa Olemekezeka. Amaba mankhwala a odwala ndi mabuku a ana, ndipo adzayankha, kaya pansi pano kaya kumwamba. Kukwiya ndi zoterezi si tchimo. Muululeni, mukanene, musatope kugogoda pazitseko za chilungamo. Koma tsiku limene mudzalole mkwiyo kukuuzani kuti kuba kwanu si kuba, dziwani kuti mwalowa kale m'gulu la amene mukumudayo. Kubwezera kulibe maso. Mukakutuma kwa mdani wanu, kumakafikira pa wosalakwa, kenako kumabwerera kudzagona kwanu.