Tsiku Lotsalira pa Limoti

Tsabola anaima pakhomo la chipinda chosungiramo zipangizo za sayansi, kiyi ali m'manja, miyendo ikukana kulowa. M'katimo munkanunkha fumbi ndi mankhwala akale. Pakona, kuseri kwa kabati ya mabotolo, panali telesikopu ya sukulu, itafunditsidwa nsalu yakuda, itaima pa miyendo yake itatu ngati munthu wozyolika pamaliro.

Womaliza kuifunditsa nsaluyo anali mchimwene wake. Sukulu yonse inkamutchula kuti Injiniya, chifukwa kanthu kalikonse kokhala ndi waya kankamumvera. Miyezi isanu inali itatha chimwalirireni atagundidwa ndi lole, m'mawa wina akupalasa njinga kubwera kusukulu. Kuyambira pamenepo palibe anakhudzanso makinawo, ndipo Tsabola, amene anapatsidwa dzinali chifukwa cha lilime lake loyabwa, anasanduka mtsikana wa zii.

"Tafulumira mwanawe, dzuwa silidikira munthu," anatero madamu a sayansi kumbuyo kwake. "A Fomu 1 ayamba kale kusonkhana kubwalo kudzaona nyenyezi."

Madamuwa anali achilendo pasukulupo. Za nyenyezi ankazidziwa za m'buku, koma makina otere anali asanawagwirepo. Ahedi atalengeza kuti telesikopuyo iperekedwa kusukulu ina ngati palibe woidziwa, Tsabola anangozindikira kuti wakweza mkono. "Achimwene anandiphunzitsa," anatero tsikulo. Zoona zake zinali zoti ankangowagwirira tochi, uku akudandaula udzudzu.

Ananyamula makinawo mothandizana ndi alonda mpaka pabwalo la netibo. Kumadzulo kunali kukadali kofiirira. Tsabola anatambasula miyendo itatu ija, n'kumafupikitsa uwu, kutalikitsa uwo, mpaka kathovu ka m'kagalasi koyezera kanakhala pakati penipeni. Analozetsa chimpope cha telesikopu kumpoto, analumikiza batire, kenako anatulutsa limoti m'kathumba kake. Inali ndi chingwe chopotana ngati cha foni zakale. Mabatani anayi a mivi anali atafufutika ndi chala chachikulu cha mchimwene wake. Anaikapo chake.

Anayatsa. Kasikirini kanawala mofiira, timawu tikuyenda pang'onopang'ono. Makinawo ankafuna kuuzidwa tsiku ndi nthawi, ndipo anaonetsa zimene anauzidwa komaliza.

Tsabola anawerenga manambalawo. Linali tsiku lija, madzulo omaliza a mchimwene wake, nthawi itangopitirira pang'ono hafu sikisi. Manambalawo analembedwa ndi dzanja lake, ndipo anakhala mumdima wa m'kathumba miyezi yonseyi, akudikira.

"Zikuyenda?" anafunsa madamu.

"Eya, madamu."

Sanasinthe kanthu. Anangodina batani lovomereza.

Limoti inapempha nyenyezi yoyamba yoti makina adziwire thambo. Tsabola anasankha dzina loyamba pamndandanda n'kudina. Injini inayamba kulira motsitsa, ngati munthu wobuula kutulo, ndipo chimpope chinatembenuka chokha. Ana ena anaombera m'manja. Chinadutsa pamwamba pa mitu yawo, chinasiya thambo lonse limene nyenyezi zinali zitayamba kutuluka, chinaweramira pansi pang'onopang'ono, n'kuima chitaloza zenera la m'mwamba la nyumba ya makalasi.

M'manja munaleka kuombedwa.

"Si kalasi ya Fomu 4 imeneyo?" wina ananong'ona.

"Pazenera pomwepo ndi pamene ankakhala Injiniya."

Tsabola anazimitsa makina, anabwezera chimpope kumpoto, n'kuyambiranso. Tsiku lija linabweranso pasikirini, ndipo iye analivomerezanso. Injini inabuula, chimpope chinayenda njira yomwe ija, n'kukaima pazenera lomwe lija. Galasi limodzi la pazenerapo linali losweka, ndipo mphepo itadutsa, katani inagwedezeka ngati wina waikoka ali m'kati.

"Ikufuna mwini wake!" anakuwa mnyamata wina wamtali. Ana anabwerera m'mbuyo akupondana, ena awiri anathawira kugeti. Ngakhale alonda anavula chipewa n'kuyamba kung'ung'udza pemphero.

Tsabola anaika diso pakagalasi koyang'anira. Munali mdima wokhawokha, koma mtima wake unkayembekezera kuti mumdimamo mutuluka nkhope. Sankadziwa ngati akuopa kuiona kapena akuopa kusaiona.

"Aliyense akhale pansi pomwe alipo," anatero madamu, mawu awo ali okhazikika. Anayandikira n'kugwira limoti mbali imodzi, osailanda. Anabwerera m'mbuyo ndi batani mpaka manambala aja anaoneka. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Lero ndi pa chani, Tsabola?"

Madamu anamuonetsa kasikirini.

"Tsiku ili ndi la miyezi isanu yapitayo. Waliona?"

"Ndinaliona, madamu."

"Nanga bwanji sunalisinthe?"

Misozi inayamba kugwera pa yunifolomu. "Analemba ndi achimwene. Zovala zawo zinagawidwa, mabuku awo anapita kwa asuweni, njinga inaphwanyika. Chatsala ndi ichi chokha. Ndikafufuta ndiye kuti basi."

Kenako mawu ena onse amene Tsabola anawasunga miyezi isanu anatuluka okha.

"Ndinanama, madamu. Sanamalize kundiphunzitsa. Madzulo amenewo anandiitana, akuti bwera ndikuonetse kulunzanitsa makina ndi nyenyezi, ukadziwa zimenezi wadziwa zonse. Ine anzanga ankandidikira kugeti. Ndinawayankha kuti, nyenyezi zanuzo zimadyedwa? Mudzandionetsa mawa. Anangoseka, akuti chabwino mayi Tsabola, mawa. Ndiye mawa lakelo..."

Madamu anamukumbatira ndi mkono umodzi, namutembenuza kuti ana asamuone nkhope.

"Tamvera mwanawe. Pazenera paja palibe munthu. Makinawa alibe maso, amangokhulupirira zimene wawauza. Wawauza kuti lero ndi tsiku lija, ndiye akufunafuna nyenyezi pamene inali madzulo amenewo, cha uko, ikukalowa kuseri kwa makalasi. Koma thambo linasuntha. Nyenyezi imeneyo lero yalowa m'mawa, inu muli m'kalasi." Anapumira kaye. "Sindikukakamiza. Ukafuna tiifunditsanso nsalu, tikaibwezere pakona. Palibe adzakunene."

Tsabola anayang'ana ana aja atakhala pasimenti, atagwirana manja, maso ali pazenera. Anadziwa zimene zikanakambidwa mawa lake m'makalasi onse: Injiniya wasanduka mzukwa, akuyenda m'makina. Mchimwene wake, amene ankathamangira ana a Fomu 1 kuti abwere adzaone mwezi, akanakhala dzina loopsezera anthu mumdima.

Anapukuta maso ndi kolala. "Nthawi ili bwanji, madamu?"

Madamu anayang'ana pafoni n'kumuuza. Tsabola anawerenga manambala akale aja kamodzinso, milomo ikuyenda mwakachetechete. Kenako anadina. Mwezi unasintha, tsiku linasintha, ola linasintha. Chinali chinthu cha masekondi ochepa chabe, ndipo anadabwa kuti dziko silinagwedezeke.

Mndandanda unabwera ndi mayina ena. Madamu anatsegula tchati chawo cha nyenyezi, anachiunika ndi foni, n'kuloza nyenyezi yowala kwambiri pamwamba pa thanki ya madzi. Tsabola anaipeza pamndandanda n'kudina. Chimpope chinadzuka, chinafulatira makalasi, n'kukaima chitayang'ana kumwamba. Nyenyeziyo inali m'mphepete mwa kagalasi.

Apa ndi pamene sanaphunzitsidwe. Anadina muvi wakumanja, nyenyezi inathawira kumanzere n'kusowa. Anakumbukira kuti mchimwene wake ankachepetsa liwiro asanayambe kusuntha, ndipo anafufuza batanilo mpaka analipeza. Anabwerera pang'onopang'ono, kadontho kowala kanatulukiranso, ndipo anakakankha mpaka pakati. Anavomereza. Nyenyezi yachiwiri, ya mbali ina ya thambo, inamuvuta kawiri, kachitatu inagonja. Limoti inalira kamodzi, n'kulemba kuti zatheka.

"Tiyambe ndi pulaneti ya Saturn," anatero madamu mokweza.

"Satana?" anakuwa mnyamata wamtali uja, ataimirira kale kuti athawe. "Ayi madamu, zatikwana za lero!"

Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka, alonda omwe mpaka kutsokomola. Tsabola naye anamva kuseka kukutuluka pakhosi pake, kwachilendo ngati kwa munthu wina.

Tsabola anasankha pulanetiyo pa limoti, chimpope n'kutembenukira komweko. "Iwe ndiye uyambe kuona," anatero. "Kutalika konseko mantha okhaokha?"

Mnyamatayo anabwera monyinyirika, anawerama, ndipo anakhala chiweramire. "Kali ndi mphete," anatero motsitsa. "Amangwetu, kali ndi mphete zenizeni!" Mzere unapangika nthawi yomweyo, othawira kugeti aja ali patsogolo kukankhana.

Mzere uli pakati, Tsabola anaona munthu ataima m'mphepete mwa bwalo, atanyamula juzi. Anali amayi ake. Masiku amenewo mdima ukangoyamba iye asanafike pakhomo, ankamulondola okha.

"Tiye kunyumba, kwada," anatero amayiwo, maso akupewa makinawo.

"Amayi, bwerani kaye. Kamodzi kokha."

"Zimenezo ine ayi."

"Chonde amayi. Ndailunzanitsa ndekha."

Ana anapatuka n'kusiya njira. Amayiwo anayenda mokayika, anapatsira madamu juzi ija, n'kuwerama. Tsabola anawauza kuti atseke diso limodzi ndipo asagwire chimpope. Poyamba ankati sakuona kanthu. Kenako anangoti duu. Anakhala choncho nthawi yaitali, ndipo palibe mwana anadandaula kuti akuchedwa.

Ataweramuka, anapukuta kumaso ndi chikhatho, n'kuyang'ana kumwamba ndi maso okha, kufunafuna kadontho kaja pakati pa tinzake.

"Kani ndi zimenezi," anatero. "Ine kumangomukalipira malemu mwana wanga, kumayesa akuchedwera kumpira."

Anatenga juzi kwa madamu n'kumuveka Tsabola pamapewa. Kenako anapita kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa kamtsikana ka Fomu 1, n'kuima pamenepo kudikira kuti aonenso.