Mapazi Onyowa pa Khola la Mphepo

Gunborg ndiye anayamba kuwaona mapaziwo. Anali a munthu wopanda nsapato, madzi ake ataundana pathanthwe chifukwa cha chisanu, ndipo anachokera m'nyanja mpaka pakhomo pa khola la mphepo. Obwerera panalibe.

Kholalo ndi miyala chabe yondandalikidwa pansi m'mizere yozungulirazungulira, yomwe ngakhale makolo a pachilumbapo anangoipeza ilipo. Msodzi asanapalase bwato amalowamo pang'onopang'ono osagunda mwala, mphepo zoipa zikumutsata pambuyo. Akafika pakati amadumpha n'kuthawira kubwato, mphepozo n'kutsala zikusochera m'katimo. Halvar, mwamuna wa Gunborg, anachitadi zimenezi, koma namondwe anawombabe, ndipo bwato lake silinabwere.

Mawa lake mapazi anaonekanso. Amayi othira mchere nsomba m'migolo ankati akamuona Gunborg, mawu n'kutsika.

"Akuti womira amabwera kudzafuna kwawo," anatero wina monong'ona, "koma akalowa m'khola njira imamusokonekera."

Usiku Gunborg ankagona m'maso. Mafunde akangopuma, ankamva miyala ikugundana pathanthwe paja, go! go! ngati wina akufwanthula mumdima. Mantha ake sanali a mzukwa ayi. Ankaopa kuti mzukwawo ndi mwamuna wake.

Pamapeto pake anatopa nazo. Anaphimba nyali ndi shawelo n'kukabisala kuseri kwa chitsamba. Chinthu chakuda chinatuluka m'madzi, chikupuma movutikira, n'kuyamba kuzungulira m'khola chitawerama.

"Halvar?" anaitana n'kuvundukula nyali.

"Mayo ine!"

Anali a Elof, oimba belu la tchalitchi kutsidya kwa doko, buluku atapinda, nsapato atazisiya m'kabwato kamene anawolokera. Potsika ankaponda m'madzi, koma pobwerera mapazi ankakhala atauma kale. A Elof omwewo amene Lamulungu lililonse ankanyoza kholalo kuti n'zachikunja.

"Inu a Elof! Mukufuna kundiphera mtima?"

"Tsitsani mawu mayi, ndapota nanu. Abusa akamva, ndatha ine." "Tsiku lija Halvar akuyenda muno, ndinakankha mwala ndi phazi pomuseka. Mpata unatseguka. Ndiye ndimati ndibweze mwalawo, ndiziitanirenso mphepozo m'kati. Koma mumdima muno ndikakonza uwu, ndagunda uwo."

Gunborg anakhala pansi, kuseka ndi kulira pamodzi.

"Musaseke," anatero a Elof. "Zoopsa zilipo. Ndikafika pakati apo, ndimaona kamoto uko, pakachilumba kopanda anthu kaja. Kamayaka, kamazima. Mizimu ikundiloza ine."

Gunborg anadumpha mizere yonse n'kukaima pakati, pamsonga penipeni pa thanthwe. Kutali m'nyanja kamoto kofiira kanali kuphethira.

"Mwakhala mukukaona masiku onsewa osanena?"

"Ndikanati ndinakaonera pati?"

"Bambo inu, mutu wanu uli bwino? Mzimu umamva chisanu kuti uziwotha moto? Thamangani mukaimbe belu!"

A Elof anathamanga pamtunda kuzungulira doko, osabwerera n'komwe kukavala nsapato.

Kutacha mabwato anapita, ndipo dzuwa lili pamutu anabwera naye Halvar, wowonda, ndevu zili nyankhalala, akununkha utsi wa matabwa a bwato lake lomwe. Gunborg analowa m'madzi ozizirawo mpaka m'chiuno kukamugwira.

"Mwachedwatu," anatero Halvar ndi mawu osasa. "Thabwa lomaliza ndinaponya pamoto usiku wathawu."