Misala ya Malachy Tierney

Honora Tierney anatuluka mochedwa ku bala ya Mayi Gleeson, misewu ya ku Collingwood itati zii. Sanapiteko kukamwa, ayi. Mwamuna wake Malachy ndiye anali atagona m'shedi kuseri kwa balayo, pakati pa migolo ya mowa, atamufunditsa masaka. Anamuvuula mumtsinje wa Yarra m'mawa wa tsikulo, m'matumba a jekete muli miyala.

Masiku amenewo mmphawi akafa imfa yokayikitsa, mlandu wake unkazengedwera ku bala yapafupi. Bwana wofufuza za imfa ankabwera pangolo, wapolisi n'kutola amuna mumsewu ndi pamowa pomwepo kuti akhale oweruza, iwo n'kukasuzumira mtembo atagwira mphuno. Funso lalikulu linali limodzi: podzipha, mutu wake unkagwira? Akagamula kuti unkagwira, apolisi ankakamukwirira usiku kumalire a manda, popanda wansembe, popanda chizindikiro. Akagamula kuti anasokonezeka, ankaikidwa masana ngati munthu.

"Mawa ukangonena kuti ankalankhula ndi khoma, mwanawe," anatero Mayi Gleeson pomutsekulira chitseko. "Aliyense amatero. Ngakhale bwanayo amadziwa kuti ndi bodza."

Koma mtima wa Honora unkakana. Malachy wamisala? Munthu amene Lamlungu ankawerengera nyuzipepala msewu wonse! Atamuchotsa ntchito ku fakitale ya zikopa chifukwa cha chifuwa, anangoyamba kukhala chete, basi. Tsiku lomaliza anakonza mwendo wa tebulo, anamupsompsona pachipumi, n'kutuluka. Ankadziwa bwino chimene akuchita. Nzeru ndi zokhazo zimene umphawi unamusiyira, ndiye mkazi wake yemwe amulande pamaso pa zidakwa? Honora ankamusowa mpaka m'chifuwa kupweteka, ndipo ankalakalaka atamufunsa mwiniwakeyo kuti, bambo, mawa ndikanene chiyani?

Njira yakwawo inkawoloka mlatho wamatabwa. Chifunga chinali chitaphimba madzi, nsapato zake zikulira gu, gu, gu. Atafika chapakati anaona munthu atatsamira m'mbali mwa mlatho, mayi wochepa thupi, atafunda shawelo yobiriwira.

"Akufunsani kale funso lija?" anatero mayiyo, osatembenuka.

Honora sankamudziwa. "Mawa," anayankha, n'kupitiriza ulendo.

Mayi uja anayamba kuyenda pambali pake. Ankamveka fungo la matope. Shawelo yake inkadontha madzi... koma mvula inali isanagwe masiku ambiri.

"Mwamuna wanga ankandikonda kwambiri," anatero mayiyo mofatsa. "Anakana kunditcha wamisala. Anaimirira n'kuti, Keziah wanga ndi wanzeru kuposa nonsenu."

Honora anawonjezera liwiro. Nayenso anawonjezera. Gu, gu, gu... Nsapato zinkalira za munthu mmodzi!

"Kumene ndimakhala sikubwera munthu, achemwali. Sadziwa kuti ndi pati. Ngakhale iyeyo sadziwa. Kunali mdima."

Mlatho sunkatha.

Dzanja linamugwira pamkono. Lozizira! Lonyowa!

"Mukanene za khoma."

Honora anatembenuka... Palibe. Chifunga chokha, ndi madzi akulira pansi pa matabwa. Anathamanga mpaka kwawo, ndipo anakhala pampando wa Malachy mpaka kunja kunayera, dzanja la diresi lake lili chinyowere.

Kutacha, bala inadzaza. Anali atalumikiza matebulo, oweruza atakhala m'mbali, ena makapu ali pafupi. Bwana uja anapukuta magalasi ake, n'kufunsa ngati wofunsa mtengo wa mbatata.

"Mayi Tierney, mwamuna wanu mutu unkagwira?"

Honora anayang'ana chitseko cha kuseri, kumene kunali shedi.

"Sunkagwira, bwana. Ankalankhula ndi khoma. Ankaseka yekha usiku. Nthawi zina ine amene sankandizindikira."

"Malachy ameneyu? Wa nyuzipepala?" anadabwa woweruza wina wamphuno yofiira.

"Tseka pakamwa, Barney, iwe umalankhula ndi botolo tsiku lililonse," anatero bambo wina wokalamba kumapeto kwa tebulo. "Mayiwa anena kuti ankadwala mutu. Ine ndamva, ndipo ndakhutira."

Sanachedwe kugamula: anadzipha atasokonezeka maganizo. Malachy adzaikidwa masana, wansembe alipo, pamalo poti munthu angathe kupitako ndi maluwa. Honora anatuluka panja n'kulira kulira kumene sanalire dzulo lake. Anapeza chimene ankafuna, koma ankamva ngati wamumenya mwamuna wake mbama atagona.

Mayi Gleeson anamubweretsera tiyi. "Wachita bwino, mwanawe. Wasintha maganizo bwanji? Usiku unachoka pano uli gwa."

"Ndinakumana ndi mayi wina pamlatho. Wa shawelo yobiriwira. Akuti ndi Keziah."

Mayi Gleeson anachita chizindikiro cha mtanda.

"Keziah Penhall? Honora, ameneyo anagona m'shedi momwemu ine ndili mtsikana. Anamuvuula pansi pa mlatho umenewo. Anamukwirira usiku, kalekale."

Kumbuyo kwawo kunamveka kukhosomola. Anali bambo wokalamba uja, chipewa chili m'manja.

"Awa ndi a Enoch, mwamuna wake," ananong'oneza Mayi Gleeson. "Kukakhala mlandu wotere amalawirira pakhomo pano kuti wapolisi awatole."

Mkuluyo anasendera pafupi.

"Mwamuonadi, mayi? Ine ndimayenda pamlatho umenewo usiku uliwonse, koma kwa ine sabwera." Anatsitsa mawu. "Kodi... anandifunsa?"

Pamlatho paja Keziah sanafunse za munthu aliyense. Honora anayang'ana nkhope yamakwinyayo, ndipo poti anali atanama kale m'mawa womwewo, kachiwiri sikanavute.

"Anakufunsani, bambo," anatero. "Akuti musadandaule."