Chimunthu cha mu Nkhungu

Woyamba kuchiona anali wosoka nsapato wa pansi pa masitepe, ndipo poti mkuluyu sakana botolo, anthu anangomuseka. Koma nkhungu itagwanso, mayi wamasiye wa m'chipinda chapamwamba anachiona ndi maso ake.

Mayiyu ankanyamuka kusanache kupita kophikira buledi, kusiya mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ali m'tulo. Chitseko sankakhoma, ankaopa moto. Tsikulo atafika pamsewu anacheuka. Pamwamba pa nyumba yawo yosanjikizana panaima chimunthu chakuda bii, mutu utalowa m'mitambo, manja ali lende, chikuyenda pang'onopang'ono ngati chikufuna chinthu chotayika.

Mphekesera sizichedwa. Ena amati ndi utsi wa kufakitale, ena amati ndi mtambo chabe, koma ambiri ankanong'ona kuti mapewa aja ndi a malemu mwamuna wa mayiyu. Apongozi ake, omwe ankakhala kutsidya kwa msewu, sananong'one ayi.

"Ameneyu ndi mwana wanga," anatero ataima pakhomo. "Sakugona kumandako chifukwa mwana wake mumamusiya yekha ngati mphaka. Ndikangomva kuti kamuchitikira kanthu, ndimutenga."

Mawuwa anamulasa mayiyu mumtima. Mwanayu ndiye zonse zomwe anatsala nazo, ndipo ntchito ya buledi ndiyo inkawadyetsa.

Chimunthucho chinaonekanso, n'kuonekanso, nthawi zonse kukakhala nkhungu. M'mawa wina, anthu atadzaza pamsewu n'kumaloza kumwamba, mayiyu anamangitsa nsalu m'chiuno. Chikhale chomwe chili, anati mumtima, lero tionana. Anabwerera m'nyumbamo n'kukwera masitepe opita padenga, akupapasa khoma lonyowa. Kunali zii, kupatula madzi a m'thanki omwe ankadontha, tho, tho, tho.

Chitseko cha padenga anachipeza chotsegula. Atatuluka, kuwala kunamuthobwa m'maso. Linali getsi lalikulu lomwe omanga nyumba yakuseri anali ataika posachedwa, likuwalira molunjika padengapo. Ndipo patsogolo pa getsilo, pakakhoma ka m'mphepete penipeni, panali kamunthu kovala diresi logonera, kopanda nsapato.

Anali mwana wake. Maso anali otsegula koma sankaona kanthu, ankayenda ali m'tulo. Mthunzi wake unkagwera pankhungu n'kukula kukhala chimphona chomwe chinasowetsa anthu tulo.

Mayo! Mawuwo anawameza asanatuluke. Akangomudzidzimutsa, mwanayo agwa. Anavula nsapato, nayamba kunyang'ama, mpweya ataugwira.

Koma atangolowa m'kuwalamo, pansi panabuka phokoso.

"Taonani! Zawiri tsopano! Chinacho chikuchilondola!"

Wina anayamba kumenya poto kuti azithamangitse, enanso n'kumutsatira. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Mwana uja anaima. Anaphethira. Kaphazi kamodzi kanasuntha n'kuponda mphepo.

Mayiyu sanadziwe kuti analumpha bwanji. Anangozindikira atagwa chagada pasimenti, diresi litang'ambika m'manja mwake, mwana ali pachifuwa.

"Amayi, ndikumva kuzizira," anatero mwanayo.

Anamutsitsa mwakachetechete, kumufunditsa, n'kukhoma chitseko ndi kiyi. Akutuluka panja, anthu onse anamuzungulira. Tsopano ankadziwa zonse. Mawu ochepa okha, getsi, nkhungu ndi mthunzi, akanathetsa mantha a msewu wonse, ndipo malemu akanapuma pakamwa pa anthu. Koma kutsogolo kwa gululo kunaima apongozi, ndipo akanafunsa kuti mthunziwo unali wa yani.

"Mwapeza chiyani kumwambako?" anafunsa apongoziwo, maso ali pa iye.



"Munkanena zoona, amayi," anayankha mayiyu motsitsa mawu. "Ndi mwana wanu. Anabwera kudzationa."

Apongozi anagwira pakamwa n'kuyamba kulira, ndipo iye anawasiya alire.