Singano ya Kuseri kwa Atelala

Amati atelala aja ankamanga ana mikodzo. Enafe poyamba tinkangoseka, koma abale, ana awiri kulowa m'manda mimba zili tototo ngati ng'oma, inu mungasekebe?

Ana a m'mudzimo ankakonda kukodza kuseri kwa shopu yawo, fungo lake lochiza ndi chimfine chomwe. Ndiye bambowo ankatuluka sizasi ili m'manja: "Agalu inu! Ndidzakusokani zikhodzodzo zimenezo!" Pakamwa ndi pamene panawapachika.

Madzulo ena mayi wogulitsa makala, uja tinkangomuti Namakala, akusambitsa mwana wake, kamnyamatako kanagwira pamchombo n'kukuwa.

"Amayi, sukutuluka!"

"Chiyani?"

"Mkodzo! Ukuwotcha!"

Kanadzikakamiza mpaka kunjenjemera, m'beseni n'kugwera timadontho ta magazi basi. Kutacha mimba inali gwa, thupi likununkha ngati khola la mbuzi. Namakala anakumbukira kuti ana awiri aja anayambanso chomwecho.

Amene anayatsa moto ndi achemwali ake enieni a Namakalayo, mayi a pakamwa ngati wailesi. "Mukudikira maliro achitatu? Mfiti ili apo, ikupalasa makina!"

Anthu anathyola chitseko cha shopu ija, Namakala ali patsogolo. Anawakokera pansi atelala ndi tepi yawo yomwe yoyezera ili m'khosi. Wina anawagwetsera mutu wa makina padzanja, zala zinangomveka khotyo!

"Masulani mwana wanga!"

"Mayi, ine ndimasoka nsalu chabe!"

Njerwa inawatseka pakamwa, mano mbwee pansi. Shopu anaiyatsa, makoma n'kuwagwetsa, mwini wake ali momwemo. Utsi wa nsalu ndi mnofu unagona m'mudzi, agalu osauwa n'komwe.

Koma mwana sanakodze.

Kuchipatala anamwino anamuika kapaipi, osatuluka kanthu. Namakala akumupukuta thukuta, achemwali aja anafika n'kukhala pansi pafupi ndi bedi, wailesi ija itazima.

"Mng'ono wanga, usakuwe. Ndine."

"Ndinu chiyani?"

"Mtsikana wanga uja amakodza pogona, zofunda zatha kuwola. Wina anandiuza kuti ndikabaye singano pamene wakodza masana, asiya. Koma kuseri kuja amakodzako ana onse, ndiye ponyowa pake ndikanapadziwa bwanji? Ulendo uliwonse ndimaphonya, singano n'kumanga mwana wa eni. Iye mpaka lero akunyowetsabe."

Namakala anawadumphira pakhosi n'kuwagunditsa mutu pachitsulo cha bedi, magazi chuu m'khutu.

"Ndiye atelala aja?"

"Ndinaopa kuti anthu atulukira ine."

"Thamangani mukaizule! Mwana wanga akufa!"

Achemwali anayang'ana kamimba kotupa kaja, n'kuyankha motsitsa mawu ngati akupempha mchere:

"Ndikaizula bwanji, mwana wa amayi? Ili pansi pa khoma lija tagwetsa tokha."