Nabelu ndi Galimoto Yopanda Mutu

Uyu ndi Nabelu. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa amakonda kuliza belu la njinga. Ngili! Ngili!

Nabelu ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kupita kusukulu yekha pa njinga yake.

Ababa ake amakonza njinga pakhonde. Amamata machubu. Amawongola masipoko. Njinga ya Nabelu inali yofiira. Inkakhala m'nyumba, pa msomali, pakhoma.

Lolemba m'mawa, Ababa anaitsitsa.

"Lero upita wekha," anatero Ababa. "Koma pali zinthu ziwiri."

"Ziwiri zokha?"

"Choyamba, ukafike belu la sukulu lisanalire. Chachiwiri, lamulo lathu la pamsewu waukulu. Talinena ndimve."

Nabelu analinena ngati nyimbo. "Ima pa mizere yoyera. Tsika pa njinga. Yang'ana dalaivala wa galimoto yakutsogolo. Akakukodola, woloka."

"Akapanda kukukodola?"

"Usawoloke."

"Wakhoza. Ukalephera chimodzi, njinga ibwerera pa msomali. Mpaka chaka chamawa."

Nabelu anayang'ana msomali uja. Chaka chamawa ndi kutali!

Ababa ananyamula njinga. Pakhomo anakumana ndi Amayi. Amayi anali atanyamula ndowa. Khomo lake ndi laling'ono.

"Dutsani," anatero Ababa.

"Ayi, dutsani inu," anatero Amayi.

"Ayi, inuyo dutsani."

"Ndichedwatu ine!" anatero Nabelu.

Amayi anaseka. Anabwerera m'mbuyo. Ababa anadutsa.

Nabelu anakwera njinga. Anapalasa. Anadutsa sitolo ya nsapato. Ngili! Anadutsa pometa tsitsi. Ngili! Ngili!

Anafika pamsewu waukulu. Sukulu inali tsidya linalo. Pambali pa msewu panali mayi wogulitsa malalanje. Malalanje ake anali mulu waukulu pa tebulo.

Nabelu anaima pa mizere yoyera. Anatsika pa njinga.

Kunabwera galimoto yoyera mbee. Inabwera mwakachetechete. Inaima bwinobwino.

Nabelu anayang'ana dalaivala.

Chiwongolero chinalipo. Mpando unalipo. Dalaivala panalibe.

Nabelu anatikita maso. Anayang'ananso. Panalibe.

"Kapena ndi wamfupi kwambiri," anaganiza. Anasuzumira. Panalibe.

"Kapena wagwetsa makiyi pansi," anaganiza. Anadikira kuti adzuke. Sanadzuke.

Nabelu anaima ndii. Galimoto inaima ndii.

Zenera lakumbuyo linatseguka. Kunali bambo wina wa magalasi. Anali ndi nyuzipepala m'manja.

"Woloka, mwanawe," anatero bamboyo.

"Zikomo. Kodi ndinu adalaivala?"

"Ayi. Ine ndangokwera."

"Nanga adalaivala apita kuti?"

"Kulibe. Galimoto iyi imadziyendetsa yokha."

Mutu wa Nabelu unaima.

"Ndiye muiuze indikodole," anatero.

"Ilibe dzanja."

"Ndiye igwedeze mutu."

"Ilibe mutu."

"Nanga maso?"

"Aa, maso ndiye ili nawo ambiri. Awo padengapo. Awo m'mbalimo. Ikukuona bwinobwino."

Nabelu anawerenga timaso takuda. Tinali tisanu ndi titatu. Maso asanu ndi atatu, mutu ayi! Nanga imeneyi ndi galimoto kapena kangaude?

"Nanga bwanji sikupita?" anafunsa Nabelu.

"Ili ndi lamulo lake," anatero bamboyo. "Ikaona munthu pa mizere, imaima. Siyenda mpaka munthuyo awoloke."

"Inenso ndili ndi lamulo langa. Sindiwoloka mpaka dalaivala andikodole."

Bamboyo anavula magalasi. Anawapukuta. Anawavalanso. Sizinathandize.

Galimoto inadikira Nabelu. Nabelu anadikira galimoto.

Kumbuyo kunafika basi yaikulu. Inaima. Kunafika lole ya mchenga. Inaima. Kunafika njinga yamoto. Nayonso inaima.

Pii! Pii! Piiii!

Dalaivala wa basi anatulutsa mutu pazenera. Anali ndi ndevu zambiri.

"Iwe kamtsikana! Woloka! Taona, ndikukukodola ine!"

"Pepani, adalaivala," anatero Nabelu. "Inu muli kumbuyo. Lamulo likuti wakutsogolo."

"Lamulo la ndani?"

"La Ababa."

"Ha! Ndiye lero tigona pompano!"

Anthu a m'basi anayamba kukangana.

"Mwanayo akunena zoona!"

"Galimotoyo ndiye ikunena zoona!"

"Ikunena bwanji? Ilibe pakamwa!"

Mayi wa malalanje anaseka. "Anzanga inu, kanganani bwino," anatero. "Malalanje alipo. Otsekemera!"

Nabelu sanaseke. Tsidya lija, ana anali kulowa pageti. Mphunzitsi wamkulu anatuluka. Belu linali m'manja mwake.

Akawoloka, waphwanya lamulo. Njinga pa msomali.

Akapanda kuwoloka, wachedwa. Njinga pa msomali.

Uku msomali. Uko msomali. Nabelu anagwira njakata. Misozi inalengeza m'maso.

"Dutsa, galimoto iwe," anatero chapansipansi.

Galimoto sinadutse.

Nabelu anamva ngati ikuti, "Ayi, dutsa iwe."

Mawu amenewa anali atawamvapo. Anawamva kuti? Pakhomo! Ababa ndi njinga. Amayi ndi ndowa. Nanga zinatha bwanji paja?

"Bambo," anatero Nabelu, "mwati imaima ikandiona?"

"Eya."

"Nanga ikapanda kundiona?"

Bamboyo anatsegula pakamwa. "Ndiye imapita!" anatero.

Nabelu anatembenuza njinga. Anabwerera m'mbuyo. Anachoka pa mizere yoyera. Anapita kwa mayi wa malalanje.

"Amayi, ndibisale nawo kuseri kwa malalanje anu?"

"Bisala, mwanangu. Kubisala ndi kwaulere."

Nabelu anagoneka njinga pansi. Ananjuta kuseri kwa tebulo. Anangoti phee.

Maso asanu ndi atatu anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Mwana panalibe.

Galimoto yoyera inanyamuka. Inapita mwakachetechete. Bambo wa magalasi anakupiza nyuzipepala pazenera.

Nabelu anadzuka. Anabwerera pa mizere yoyera. Tsopano yakutsogolo inali basi.

Nabelu anayang'ana dalaivala. Dalaivala analipo! Mutu anali nawo. Ndevu anali nazo. Manja anali nawo awiri.

Anamukodola ndi manja onse awiri.

"Woloka, bwana wamkulu! Woloka!"

Nabelu anayang'ana mbali inayo. Kunalibe galimoto. Anawoloka. Anakwera njinga. Anapalasa, anapalasa, anapalasa.

Analowa pageti ali wefuwefu.

Ngee! Ngee! Ngee! Belu la sukulu linalira.

Ngili! Ngili! Belu la Nabelu linayankha.

Masana ana anaweruka. Nabelu anafika pafupi ndi msewu waukulu. Anamva phokoso. Pii! Pii! Piiii!

Galimoto yoyera inali itaima ndii. Kumbuyo kwake kunali mzere wautali. Tsidya linalo, pa mizere yoyera, panaima munthu ndi njinga yakuda.

Anali Ababa. Anabwera kudzamuchingamira.

Ababa anali atatsika pa njinga. Ankayang'ana mpando wa dalaivala. Ankasuzumira. Ankadzikanda m'mutu.

Nabelu sanafike pa mizere. Anaima patali, kuseri kwa mtengo.

"Ababa!" anafuula. "Mukudikira chiyani?"

"Dalaivala!" anayankha Ababa. "Ndikuganiza kuti wagwetsa makiyi pansi!"

"Kulibe dalaivala, Ababa! Bwererani m'mbuyo! Bisalani kuseri kwa malalanje!"

"Ndibisale? Ine? Munthu wamkulu ndi ndevu zanga?"

"Bwerani, bambo," anatero mayi wa malalanje. "Malo alipo. Mwana wanu wakhala pomwepa m'mawa."

Ababa anabwerera m'mbuyo. Ananjuta kuseri kwa tebulo. Tebulo linali laling'ono. Chipewa chawo chinkaoneka pamwamba pa malalanje.

"Chipewa, Ababa!"

Ababa anavula chipewa.

Galimoto yoyera inanyamuka. Inapita mwakachetechete.

Kenako kunabwera lole. Dalaivala wake anakodola Nabelu. Nabelu anawoloka.

"Mwana wanuyu ndi wosunga lamulo," anatero mayi wa malalanje. "Msewu wonse wamukuwiza, koma iye ayi."

"Nanga belu?" anafunsa Ababa.

"Lalira ndili m'kati," anatero Nabelu.

Ababa anasasa fumbi m'mawondo. Anagula malalanje anayi. Anati ndi othokozera malo obisala.

Anapalasa limodzi kubwerera kunyumba. Njinga yofiira inali patsogolo. Njinga yakuda inali pambuyo.

"Ababa, kodi magalimoto onse adzakhala opanda mutu?"

"Kaya, mwanangu. Mwina."

"Nanga njinga?"

"Njinga singayende yopanda mutu. Mutu wake ndiwe."

"Ndiye lamulo lathu lija likufunika kumata," anatero Nabelu. "Laphulika ngati chubu."

Ababa anaganiza. Anaganizanso. "Talimata ndimve."

"Akakukodola, woloka. Dalaivala akakhala kulibe, bwerera m'mbuyo. Idutse yokha."

"Ndi kuvula chipewa," anawonjezera Ababa.

Kunyumba anapeza Amayi ataima pakhomo.

"Nanga msomali uja titani nawo?" anafunsa Amayi.

Nabelu anatenga chipewa cha Ababa. Anakwera pa mpando. Anachikoleka pa msomali.

Njinga yofiira inatsala pansi, pafupi ndi khomo, kudikira mawa.

Ngili! Ngili!